Galimoto Yanga Inali M'dzina la Ankolo

Anandilanda galimoto. Sanaswe galasi, sanandiopseze ndi mpeni. Anangotenga makiyi pa msomali pamene ndinkawakoloweka n'kuiyendetsa masanasana. Amene anachita zimenezi ndi munthu amene ndinkamulandira katundu akamatsika basi. Kulakwa kwanga ndikuvomereza pano pomwe kuti tisatayane nthawi: galimotoyo ndinailembetsa m'dzina lake.

Ndinabwera ku London mu 2005 kudzaphunzira za maakaunti pa kakoleji kena ka pamwamba pa shopu. Sindinamalize. Fizi inakwera, mutu sunkagwira, ndipo ndinatopa n'kuwodzera m'kalasi nditachokera ku shifiti. Nditasiya sukulu, visa nayo inatha. Inu owerenga amene munakhalako kuno mukuudziwa moyo wa munthu wotero. Dzina lako sufuna lioneke pa pepala lililonse. Envelopu ya khaki ikagwa pakhomo mtima umathamanga, ndipo mawu akuti Croydon, kumene kuli maofesi a imigireshoni, amakuthetsa njala.

Ndinapeza ganyu yotsuka magalimoto pamanja ku Ilford. Pafupi ndi pamalopo panali kagalaji ka makaniko wina wa ku Lusaka dzina lake Jairosi, munthu wamkulu, wa pakamwa polasa koma wa manja abwino. Makasitomala akachepa ndinkapita kukamugwirira tochi. Iye ndiye anandiphunzitsa kumvetsera injini, kuti kugogoda uku n'kwa chiyani, kulira uku n'kwa chiyani. Zimene zinandikanika m'kalasi zaka ziwiri, apa zinkalowa zokha.

Mu Okutobala 2007 Jairosi anandiuza za mzungu wina wokalamba amene maso anali atasiya kuona bwino, ndipo ankafuna kuchotsa galimoto imene inakhala m'galaji mwake zaka zambiri osayenda. Inali ya ku Germany, ya m'ma 1980, yobiriwira, yamakona. Matayala onse anali ataphwa, mkati mukununkha nkhungu. Koma nditangoiona ndinakumbukira galimoto ya abwana a bambo anga ku Limbe, imene ndili wamng'ono ndinkaizembera kuti ndingoigwira chitseko. Mzunguyo anati ndimupatse mapaundi 350. Ndinamupatsa tsiku lomwelo, ndalama imene ndinkasungira jekete la nyengo yozizira ndi lendi.

Vuto linabwera pa mapepala. Pepala la umwini, lija kwathu timati bulubuku ndipo kuno amati logbook, limafuna dzina ndi adiresi. Ine ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi anyamata ena awiri, popanda poimika ngakhale njinga. Ndiye ndinapita kwa Ankolo.

Sindiwatchula dzina. Si abale anga enieni. Anaphunzitsa sukulu imodzi ndi mayi anga ku Zomba, ndipo tsiku limene ndinkanyamuka mayi anawaimbira foni n'kundipereka m'manja mwawo. Kuno amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, akazi awo ndi nesi, ndipo nyumba yawo ili ndi galaji kumbuyo. Nditawafotokozera, anaseka n'kundisisita paphewa. "Mwana wanga, dzina ndi inki chabe. Lemba langa. Galimoto ndi yako, Mulungu akuona."

Jairosi atamva anaika sipanala pansi. "Iwe, logbook ili mu zina ya ndani?" Ndinamuuza. "Ninshi si motoka yako iyo, mwana. Ni ya ba ankolo bako. Iwe ndiwe chabe makanika wa mahala." Ankatanthauza kuti galimotoyo si yanga, ine ndine makaniko waulere chabe. Ndinakwiya. Ndinamuuza kuti ife Amalawi sitichitirana zimenezo. Anangoti, "Oho," n'kulowanso pansi pa galimoto imene ankakonza.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse, limene linali tsiku langa lopuma, ndi Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndinali m'galaji mwa Ankolo. Ndinayamba ndi kukhetsa petulo wakale amene anali atasanduka ngati phala. Ndinamasula kabuleta n'kuitsuka kachidutswa ndi kachidutswa pa thileyi imene ndinatola kuntchito. Gasiketi ya pamwamba pa injini inali itapsa, ndipo bawuti imodzi inandithyokera mkati. Bawuti imodzi yokhayo inandidyera masabata atatu ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ladiyeta ndinakaigula kumalo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa ku Dagenham, ndipo ndinabwera nayo pa basi nditaikumbatira ngati mwana, madzi a dzimbiri akudonthera pa nsapato, anthu akundisuntha. Mu Januwale zala zinkauma mpaka osamva ngati ndagwira nati kapena ayi.

Injini inalira koyamba mu Malichi 2008. Inatsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi wakuda umene unadzaza bwalo lonse, kenako inakhazikika. Anti, akazi a Ankolo, anatuluka akukalipa chifukwa cha zovala zimene anayanika. Ine sindinamve chilichonse. Ndinangokhala pansi pa simenti n'kumaseka ndekha. Tsiku limenelo ndinaipatsa dzina lakuti Nangozo.

Amene simunagwirepo galimoto yakale simungamvetse. Ukakonza ichi, icho chimayamba. Injini italira, kilachi inayamba kuterereka. Nditasintha kilachi ndinapeza kuti mapaipi a mabuleki adyeka. Pansi pa zitseko panali dzimbiri loti chala chinkalowa, ndipo Jairosi anandibwereka makina owotcherera n'kundiphunzitsa pa zitsulo zotayidwa mpaka nditasiya kuboola. Mipando ndinasoka ndekha ndi singano yokhota. Penti ndinapala ndi manja, mbali imodzi mwezi wathunthu. Anzanga ankapita kumapate ku Peckham, ine ndili chagada pa katoni, dzimbiri likundigwera m'maso.

Ndinali ndi cholinga. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzabwerera kumudzi, kaya mwakufuna kwanga kaya atandikweza ndege. Satifiketi ndinalibe. Ndinkafuna Nangozo adzatsogole pa sitima ya pamadzi, kuti mayi anga, amene anagulitsa puloti kuti ndibwere kuno, adzaone chinthu chimodzi chimene mwana wawo anayamba n'kumaliza.

Nthawi yonseyi Ankolo ankangodandaula. Oyilo wawononga simenti. Magetsi akukwera chifukwa cha ine. Aneba akufunsa. Pamaso pa alendo ankaitchula kuti chiphapha. Ndinkapepesa, n'kuwatchetchera kapinga kapena kuwakonzera mpope wa kubafa kuti mtima wawo ukhale pansi.

Ndiye mu Meyi chaka chino cha 2009 anasintha mwadzidzidzi. Tsiku lina anabwera okha m'galaji ndi kapu ya tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo. Anaizungulira galimoto, n'kuisisita, n'kufunsa kuti chatsala n'chiyani kuti ipite ku MOT, kumene amayeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ndinati matayala awiri ndi handibuleki. Anati matayalawo agula iwo. Anati inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu alipiranso iwo, popeza zonse zili kale m'dzina lawo. "Ntchito yotereyi isamabisike m'galaji," anatero. "Fulumira, mwana wanga, anthu aione."

Inu owerenga, ndinagwetsa misozi. Ndinagula khadi ya foni n'kuimbira mayi kuwauza kuti munthu amene anandipereka kwa iye uja ndi bambo weniweni. Ndinapempha masiku atatu kuntchito osalipidwa kuti ndimalize msanga.

Ku MOT anayendetsa ndi Ankolo, ine nditakhala pambali, chifukwa ndinalibe laisensi ya kuno. Woyeza uja anakhalitsa kunsi kwake ndi tochi, kenako anatuluka n'kufunsa kuti anawotcherera ndani. Nditaloza pachifuwa panga anagwedeza mutu n'kundionetsa chala chachikulu. Nangozo anakhoza ulendo woyamba womwewo. Pobwerera Ankolo anaima pabwalo la fakitale ina yotseka n'kundipatsa chiwongolero. Ndinazungulira katatu. M'miyezi yonse ija yoposa chaka ndi theka, kuyendetsa kwanga kunali komweko. Katatu kuzungulira bwalo.

Lolemba lotsatira ndinafika ndi polishi ndi kagalasi ka pachitseko kamene ndinakasaka miyezi inayi. Kutsogolo kwa nyumba kunali kagalimoto katsopano kotuwa, mipando ikadali m'mapulasitiki. Sindinaganize kanthu. Ndinazungulira kumbuyo n'kutsegula galaji. Munali mopanda kanthu, mosesedwa bwinobwino. Masipanala anga anali atalongedzedwa m'katoni pafupi ndi chitseko.

Anti anangotsegula zenera pang'ono n'kunena kuti ndifunse ankolo anga. Ankolo ndinawapeza pabalaza akuwerenga kabuku ka galimoto yatsopanoyo. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Anafotokoza mofatsa, ngati akuphunzitsa kalasi, kuti boma layambitsa ndondomeko yakuti ukapereka galimoto yakale amakuchotsera mapaundi 2,000 pa mtengo wa yatsopano. Koma yakaleyo iyenera kukhala m'dzina lako kwa chaka, ndipo iyenera kukhala ndi MOT. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa tiyi uja. Chiphapha chosayenda sakanachilandira. Anadikira kuti ndichisandutse galimoto ndi manja anga.

Ndinati andiuze kumene ili, ndikaigulanso ngakhale pangongole. Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. Linali lotsimikizira kuti galimoto yaphwanyidwa. Magalimoto operekedwa m'ndondomeko imeneyi sagulitsidwanso, amawafinya ndi makina mpaka kusanduka chibulu cha chitsulo. Nambala inali ya Nangozo. Dzina linali lawo, inki chabe ija.

Ndinaimirira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinamunena munthu wamkulu kuti iwe. Ndinati ndiwe wakuba. Iwo sanakweze mawu n'komwe. Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ngati ndine wakuba, tiye kupolisi. Koma ukafika uyambe wawauza dzina lako ndi tsiku limene visa yako inatha. Croydon si patali, mwana wanga."

Ndinanyamula katoni yanga n'kutuluka.

Jairosi sanandiseke. Anandiuza kuti logbook payokha si umboni wa umwini, ndipo munthu wokhala ndi malisiti akhoza kupita kukhoti. Malisiti ndinali nawo, envelopu yodzaza. Koma kukhoti umapita ndi nkhope yako ndi dzina lako. Ankolo ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku limene anandisisita paphewa.

Nditaimbira mayi ndinapeza kuti Ankolo anditsogolera kale. Anawauza kuti ndayamba mwano, kuti ndinasiya sukulu kalekale, chinthu chimene ndinali ndisanawauze, ndiponso kuti anachotsa chiphaphacho pofuna kundithandiza kuti ndiganize za tsogolo. Mayi analira pa foni mpaka khadi inatha. Mawu awo omaliza anali akuti ndikapepese.

Akuluakulu a kutchalitchi kwathu ku Peckham anatiitana. Anamva mbali zonse, kenako anakhalitsa pa nkhani ya "iwe" uja kuposa pa galimoto. Mmodzi anati zokonzakonzazo zinali zongotayitsa nthawi za mnyamata, ndipo Ankolo anandisungira malo ulere. Akuluakuluwo anagamula kuti Ankolo andibwezere ndalama imene ndinagulira yokha. Ankolo anatulutsa envelopu ya mapaundi 100 pamaso pa onse, n'kunena kuti yotsalayo kutha kwa mwezi. Akuluakulu aja anatigwiranitsa manja n'kupemphera. Umenewo unali mwezi wa Julayi. Pano ndi Disembala. Kutchalitchiko ndinasiya, ndipo Ankolo foni yanga sayankha. Kagalimoto kotuwa kaja kamabwera kudzatsukidwa kwa anzathu a tsidya lina la msewu, ndipo ndimakaona.

Ndiye mverani, makamaka inu achinyamata amene mwangofika kumene ndipo mapepala anu sali bwino. Musalembetse chinthu chanu m'dzina la munthu wina, kaya ndi galimoto, kaya foni, kaya akaunti ya kubanki. Ngati simungathe kuchilemba m'dzina lanu, musachigule, dikirani. Munthu amene akudziwa kuti simungapite kupolisi musamusungitse kanthu, ngakhale atakhala kuti amapemphera mpaka kugwa pansi. Makolo anu auzeni zoona nokha wina asanakawauzire m'njira yake. Ndipo wamkulu amene wakhala akukunyozani chaka chonse akabwera mwadzidzidzi ndi kapu ya tiyi, musalire ngati mmene ndinachitira ine. Mufunseni chimene akufuna.

Jairosi wandipezera ina, ya buluu, yopanda giyabokosi, ili kuseri kwa galaji yake. Sindinaigwirebe. Ndimangoiyang'ana podutsa. Kagalasi ka pachitseko kaja kali pansi pa bedi langa.

Ankolo, ndikudziwa kuti mumawerenga zinthu ngati izi, ndipo mwadzizindikira. Chikhadabo changa sindikulipiritsani. Miyezi ija simungaibweze, Nangozo simungamubweze. Koma munalonjeza mutatseka maso, mutandigwira dzanja, pamaso pa anthu asanu. Yatsala ndi mapaundi 250.