A Chhitarmal Samwa Madzi a kwa Mkamwini

Ine ndine Ghisulal, wometa anthu kumunsi kwa linga la Bundi, ndipo ndevu za a Chhitarmal ndazimeta kuyambira zili zakuda bii mpaka lero zayera mbuu. Munthu amene umamugwira mphuno m'mawa uliwonse sangakunamize. Ena onse anawapusitsa, koma ine ayi.

Nyumba yawo ya alendo yayang'anizana ndi shopu yanga. Zipinda ndi zochepa, masitepe ndi ambiri, ndipo padenga pamakhala mipando, anyani ndi a Chhitarmal. Ogona kumeneko ndi aja oyenda ndi zikwama kumsana, ana a eni ake ochokera kutsidya kwa nyanja, ovala mathalauza otayirira ngati matumba a anyezi. Akakwera padenga kukamwa tiyi, a Chhitarmal amawagawira dziko lonse la India ngati munda wa bambo awo. Popita ku Varanasi ukwere sitima iti, ku Goa ugone mbali iti, kumapiri uvale chiyani. Amalankhula atatsinzina, chala chili m'mwamba.

"Lamulo loyamba, chikwama chipepuke. Wodziwa ulendo amanyamula mswachi ndi mtima wabwino, basi. Lachiwiri, madzi a m'mabotolo a pasiteshoni musagule, anyamata aja amatunga pampopi n'kumata chitsekero. Lachitatu, musitima musamacheze ndi aliyense."

Ana aja amangogwedeza mitu. Ine ndikakhalapo ndimatsokomola, chifukwa kutali kumene bambo ameneyu anafikako chibadwire ndi ku Kota, ulendo wa basi woti tiyi wa m'fulasiki sazizira n'komwe, ndipo anasanza popita ndi pobwera pomwe. Nzeru zonsezo anazitola m'kamwa mwa alendo omwewo. Zimene wawauza wa dzulo, amapatsa wa lero.

"Ghisu, chifuwa chakocho upite nacho kuchipatala," amatero osandiyang'ana.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Sugna. Mayi ake, a Dhapu, anatisiya mtsikanayo asanakwatiwe. Sugna anatengedwa ndi Hemraj, mwana wa anthu akwathu konkuno amene anasamukira ku Chennai kukagulitsa nsalu. Mimba yoyamba mwana amayenera kudzachirira kwawo, koma adokotala anamuletsa kukwera sitima. Ndiye tsiku lina foni inalira, ndipo mawu anali ochepa: "Ababa, ndikuopa. Amayi kulibe. Bwerani."

Ndinangoona a Chhitarmal akulowa mushopu n'kukhala pampando wometera, chonsecho ndinali nditawameta m'mawa womwewo. Anadikira kasitomala wina atuluke, kenako ananong'ona.

"Ghisu, sitima amakwera bwanji?"

Ndinafuna kuseka mpaka kugwa, koma nditaona maso awo pagalasi ndinameza. Ndinatseka shopu n'kunena kuti tipitira limodzi.

Vuto silinali sitima yokha. Kwathu kuno bambo akapereka mwana wamkazi ku ukwati, kwa mkamwini sadyako, ngakhale madzi samwako. Unapereka, usakatengekonso kanthu. Ambiri anazisiya kale, ena amadya n'kusiya kandalama kunsi kwa mbale, koma a Chhitarmal anatengera bambo awo, amene ankati ngakhale chitsime cha mudziwo n'choletsedwa. Chomasula munthu n'chimodzi chokha: pakabadwa mdzukulu wamwamuna, chifukwa nyumbayo yasanduka ya mdzukulu wako.

"Chennai si mudzi, inu," ndinawauza. "Ndi chimzinda choti Bundi yonse ingakwane pamalo oimika mabasi."

"Mkamwini wanga amakhala momwemo?"

"Eya."

"Ndiye ndi mudzi wake."

Analowa m'kachipinda kamene amasungamo zoiwala alendo, n'kutulukamo ndi chikwama chofiira chimene anasiya Mjeremani wina wamtali ngati chitseko cha kachisi. Anaikamo zigubu za madzi a kunyumba, mulu wa chapati, botolo la achali wa mango, tchana wokazinga, bulangete, ndi chithunzi cha a Dhapu chili m'felemu yake yomwe. Kuti chikwamacho chifike kumsana panafunika ine, wosita zovala ndi wogulitsa tiyi a mumsewu mwathu. Tinawanyambititsa chambiko cha shuga kuti ulendo ukome, tinatuluka, ndipo phazi litangoponda mumsewu mayi wina woyandikana nawo anayetsemula. Basi, ulendo sungayambe ndi chiyetsemulo. Tinabwerera, tinatsitsa chikwama, anakhala pansi pang'ono, tinawasenzetsanso. Wogulitsa tiyi anauza mayi uja kuti akayetsemulanso amuthira tiyi m'mphuno.

Pasiteshoni ya ku Kota anakweza mutu kuti awerenge chikwangwani cha masitima. Chikwama chinati bwera kuno. Ndinangomva phii, ndipo potembenuka ndinapeza mkulu wa maulendo ali chagada ngati kamba, miyendo ikupalasa mphepo. Amene anathamanga kudzandithandiza kuwadzutsa anali Marisol, mtsikana wa ku Chile amene anagona m'nyumba yawo ya alendo sabata yomweyo, kachikwama kake kali kakang'ono ngati ka mwana wasukulu. Anayesa kunyamula chofiira chija, n'kuwayang'ana.

"Bambo Chhitarmal, umenewu ndi mswachi?"

"Mtima wabwino umalemera, mwanawe," anatero akudzisasa fumbi.

Lamulo lachitatu linafa sitima isananyamuke. Tisanadutse mtsinje woyamba anali atadziwa kale dzina la aliyense m'chipinda chathu, kwawo, ndi matenda ake. Ndipo munthu wolera alendo sangatsegule chakudya n'kumadya yekha anthu akumuyang'ana. Chapati zinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa anthu amene sitinawaone nkhope. Gogo wina anafuna madzi omwera mapiritsi. Mwana wina anadzipaka achali m'maso. Kenako Marisol, amene anali m'chipinda chathu chomwecho, anayamba kutsegula m'mimba chifukwa cha zimene anadya pamsewu, nkhope inachita kutuwa. A Chhitarmal anamusungunulira mchere ndi shuga, n'kumamumwetsa kapu ndi kapu.

"Madzi anu akutha," ndinawanong'oneza.

"Anagona m'nyumba mwanga ameneyu. Ukufuna afere m'manja mwanga?"

"Ndiye tigule a m'mabotolo tisanalowe m'mudzi wa mkamwini wanuwo."

"Amamata chitsekero, Ghisu."

"Nkhani imeneyo munaipeka ndinu! Ndinalipo ine tsiku limenelo!"

"Ndainena zaka zonsezi," anatero modekha. "Ikanakhala yabodza bwenzi nditadziwa."

Chigubu chomaliza anachikhalira kuti wina asachipemphe, poti pakamwa pawo sipadziwa kukana. Chinapirira mpaka tsiku lachiwiri, kenako sitima itagwedeza chinang'aluka. Madzi anayenderera pansi kuchokera pamene anakhala a Chhitarmal, thalauza lili chonyowa, ndipo chipinda chonse chinayang'ana pawindo mwaulemu. Marisol anatsika panjira atachira, anawagwira mapazi powalemekeza monga anaonera ena akuchitira, ndipo ife tinafika ku Chennai ndi kabotolo kamodzi kosadzaza.

Kutentha kwa kwathu kumawotcha, koma kwa ku Chennai kumafinya munthu ngati chovala chochapa. Hemraj anatilandira bwino, mwana waulemu. Pakhomo panaima mayi ake, a Gulab, mayi wonenepa wa makiyi m'chiuno, atanyamula kapu ya madzi ozizira yochita thukuta kunja. A Chhitarmal anaiyang'ana, kholingo linakwera n'kutsika, kenako anaphatikiza manja.

"Zikomo asewere, ndamwa kale."

A Gulab anasangalala zedi. "Mwaona? Anthu a mwambo akadalipo. Enawa amangofika n'kutsegula mapoto."

Kapuyo ndinamwa ndine. Mwana si wanga, ndipo mwambo wa eni ake sindifera. Ndinadyanso mpunga, mphodza ndi zotsekemera, a Chhitarmal atakhala pakhonde, pamwamba pa chikwama chawo, poti mpando nawonso ndi wa mkamwini. Ndikamatafuna ankandiyang'ana ngati ndawabera mbuzi.

Sugna anatuluka akuyenda movutika, dzanja lili m'chiuno. Anagwada movutikanso kuti awagwire mapazi, iwo n'kumuletsa, ndipo onse awiri analira. Ine ndinayang'ana kumbali. Atawaona milomo, mwanayo anakwiya.

"Ababa, ulendo wonsewu mwabwera kudzandifera pakhomo? Imwani. Hemraj alibe nazo ntchito zimenezo."

"Agogo ako sanamwe kwa azakhali ako mpaka imfa."

"Azakhali ankakhala kuseri kwa phiri! Agogo ankabwerera tsiku lomwelo!"

Anangoseka, koma sanamwe. Kabotolo kaja ankangonyowetsera lilime, ndipo pofika m'mawa mwake kanali katauma. Ndinayesa zonse. Ndinagula kokonati wamuwisi wa madzi m'kati, anati mtengo wake unamera m'dothi la mkamwini. Ndinati tikwere basi tituluke mumzinda akamwe kunja, anati sangachoke, nanga mwana akayamba iwo kulibe? Apa mantha anandigwira enieni. Mawu awo anali atayamba kusasa, thukuta linasiya kutuluka, ndipo poimirira ankagwira khoma. Munthu wokalamba sachedwa.

Tsiku lomwelo dzuwa lili paliwombo, Sugna matenda anamuyamba. Tinathamangira kuchipatala tonse, a Chhitarmal ndi chikwama chawo chopanda kanthu kumsana, poti anakana kuchisiya. Tinakhala pabenchi m'khonde. Pafupi pathu panali thanki ya madzi akumwa imene inkadontha, tho, tho, ngati yatumidwa.

Aliyense pabenchipo ankapempha mwana wamwamuna. A Gulab ankafuna wodzalandira sitolo. Ine, amene ndili ndi ana aakazi okhaokha ndipo sindinadandaulepo, ndinapezeka ndikulonjeza milungu yonse maswiti kuti abadwe mnyamata, mnzangayu amwe madzi. Mwambo umapusitsa ndi anzeru omwe.

Namwino anatuluka, analankhula ndi Hemraj m'chinenero cha kumeneko, ndipo Hemraj anatembenuka akumwetulira.

"Onse ali bwino. Ndi wamkazi."

A Gulab anapumira m'mwamba, makiyi analira.

"Pepani asewere," anatero. "Mulungu akalola, chaka chamawa. Ghisulal, atengeni mukawakweze sitima, akamwe kutsogoloko."

A Chhitarmal anaimirira pang'onopang'ono, ine nditawagwira mkono, n'kunena kuti akufuna aone mwana wawo. Anatilowetsa. Sugna anali atagona, tsitsi litamatirira pachipumi, kanthu kofiira kokutidwa m'nsalu kali pambali pake. Ataona milomo ya bambo ake yong'aluka ija, misozi inatsika.

"Pepani ababa," anatero. "Ndi wamkazi."

Nkhope ya a Chhitarmal ndaiona pagalasi zaka zambiri, koma mmene inaonekera pamenepo sindinaionepo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, bedi la m'mudzi wa mkamwini, osafunsa n'komwe.

"Mayi ako anandiuza mawu omwewa tsiku limene unabadwa iwe," anatero ndi mawu osasa aja. "Ine wopusa ndinangoti palibe kanthu. Palibe kanthu! Ngati waswa kapu."

Ananyamula kamwanako m'manja, n'kutembenukira kwa a Gulab amene anaima pakhomo.

"Asewere, mwana uyu ndi wa nyumba yanu?"

"Nanga angakhale wa kuti?"

"Akatuluka muno akagona kuti?"

"Kunyumba, asewere. Mafunso anji amenewa?"

"Ndiye nyumbayo ndi ya mdzukulu wanga. Sugna, ndipatse madzi. Mwini wake wafika."

A Gulab anatsegula pakamwa. "Koma mwambo umati wamwamu..."

"Bambo anga sanakwerepo sitima," anatero a Chhitarmal. "Ine ndakwera. Zina ndikudziwa kuposa iwo."

Pakabati panali jagi ya chitsulo ndi kapu imene Sugna ankamwera. Sugna anathira yekha, madzi ena n'kutayikira pabulangete. Bambo ake anamwa kamwanako kali pachifuwa, maso atatsinzina, madzi akutsika m'ndevu zimene sindinazimete chichokereni ku Bundi. Anamwa kapu yoyamba, yachiwiri, kenako anatenga jagi yeniyeniyo. Sugna ankaseka ndi kulira nthawi imodzi mpaka namwino anabwera kudzatikalipira.

Atatsitsa jagi anageya mokweza, n'kupukuta pakamwa ndi mkono.

"Asewere," anatero, "mpunga uja Ghisu anautsiriza, kapena watsalako?"

Tinakhala kumeneko mpaka mwana anapatsidwa dzina, ndipo mmene anadyera a Chhitarmal m'nyumba imeneyo, ndikhulupirira a Gulab ankaulakalaka mwambo uja usiku ndi usana. Chithunzi cha a Dhapu sichinabwerere nafe. Anachipachika okha pakhoma, pamwamba pa pogona mwanayo.

Masiku ano padenga paja malamulo akadali atatu omwe aja, ndipo ine ndimatsokomolabe. Koma mlendo akanena kuti akulowera kummwera, a Chhitarmal amatsegula maso, chala chija n'kutsika.

"Ukafika ku Chennai umwe madzi," amatero. "Ine ndayenda, mwanawe. Kulibe madzi okoma ngati amenewo."

Pamenepo pokha sinditsokomola.