Tagi Imene Sindinaike

Manja anga samva kukhala. Chinthu chikamayenda bwino, mtima umandiyabwa kuti ndichikonzenso. Khalidwe limeneli linatsala pang'ono kunditayitsa mawu a bambo anga.

Nditabwerera kwathu ku Chiwalo kuchokera kusukulu ya makompyuta, ndinalemba kapulogalamu ka pafoni kolangiza alimi a m'kalabu yathu za kabzalidwe ka chimanga ndi nandolo. Malangizowo ankanena ndi bambo, ine n'kumalemba. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwawerengere zonse. Nditamaliza anati, "Basi. Usakhudzenso, iwe ndimakudziwa."

Pa ntchito yathuyi pali njira ziwiri zosungira pamene wafika. Ukhoza kuika tagi, chizindikiro chosasuntha ngati mwala wa m'malire a munda. Ukhozanso kutsegula nthambi, koma nthambi imakula: ukasintha kanthu n'kusunga, dzina lake limasunthira pa zatsopanozo. Ine ndinatsegula nthambi, n'kuitcha "ya bambo", n'kudziona wochenjera. Kutacha ndinali nditayamba kale kuigwiragwira.

Bambo anamwalira mvula isanagwe. Pasanapite nthawi, wapampando wa kalabu anandiimitsa panjira, osatsika n'komwe panjinga.

"Mayi, tibwezereni malangizo aja a bambo anu. Awa mwaikawa ndi a m'buku, akutisokoneza."

Ndinathamangira laputopu. Nthambi ija inalipo, dzina lomwelo, koma zam'kati zinali zanga zokhazokha. Zakale sizinafufutike, ayi, zinali m'mbuyomo, pa mndandanda wa zonse zimene ndinasungapo. Koma paliponse pamene ndinasunga ndinkangolemba kuti "ndakonza", "ndakonzanso", ndipo tsiku limene bambo anati basi sindinkalikumbukira. Ndinadzikwiyira.

Sabata yonse ndinkalondola amayi, kumjigo, kumunda, laputopu ili m'manja, ndikuwawerengera zakalezo chimodzichimodzi.

"Si awo," ankatero. "Ukundichedwetsa, iwe."

Loweruka akupanga mizere, ndinafika pa mawu awa: "Mvula yoyamba usaithamangire, imanama. Kumba ndi dzanja. Pansi pakakhala pouma, mbewu ibwezere m'nyumba."

Amayi anaika khasu pansi. "Awo ndi abambo ako."

Mawuwo ndinali nditawachotsa ndekha, poganiza kuti sakumveka ngati a munthu wophunzira. Manyazi anandigwira, misozi inatsatira. Ndinakhala pamzere pomwepo n'kuika tagi, zala zili ndi dothi.

Bambo anandiuza kamodzi kokha kuti ndisakhudzenso. Ndinawamvera atagona kale kumanda.