Matiresi Obwereka

Mwanayu sindinamubale ine, ndipo sindinabisirepo munthu. Mayi ake ankathyola tiyi ku esiteti. Kwawo kunali kutsidya, ku Mozambiki, mudzi wake palibe mwa ife amene akuudziwa. Atamwalira, m'nyumba ya kampani munalowa wina dothi la pamanda lisanaume. Kamtsikana kanatsala pakhonde ndi jumbo la zovala. Anthu ankangodutsa n'kumati, "Mayo, zachisoni." Chisoni chimadyedwa? Ine ndinakagwira dzanja n'kubwera nako kuno.

Tinakhala bwinobwino mpaka aphunzitsi ake atandiuza kuti mwana wa eni sasungidwa chisungiresungire, ndikalembetse ku boma kwa oona za ana. Ndinapita. Anandifunsa za munda, za matenda, mpaka ngati ndimamwa kachasu. Ine! Ndinadinda chala, iwo n'kuti kubwera munthu kudzaona pakhomo.

Amayi anzanga a kutchalitchi atamva anandiopseza. "Anthu amenewo akapeza mphasa amalanda mwana. Kabwerekeni matiresi."

Kwathu kuno kubwereka si nkhani. Pa ukwati timabwereka mipando, pa maliro mbale, ngakhale nsapato zopitira ku Mishoni. Mlendo wolemekezeka sumuonetsa usiwa wako, ndi mmene tinakulira. Matiresi abwino m'mudzi muno ali kwa mayi wina amene amuna ake ali ku Joni, ndipo ndi omwewo amene amayenda kukamabwera a boma. Ndinakawasenza ndekha, khosi langa lomweli, n'kuyalapo chitenje chatsopano.

Kunabwera pa njinga yamoto mtsikana wa magalasi, msinkhu wa mdzukulu wanga. Ndinamuphikira nandolo, anati wakhuta. Analowa kuchipinda, anavundukula chitenje chija, n'kuloza pamene panapsa ndi kandulo.

"Agogo, matiresi awa ndikuwadziwa. Ndawapeza kale m'nyumba ziwiri."

"Ndiye kuti ndi olimba," ndinatero.

Sanaseke. "Mwanayu amagona pati?"

"Pamphasa, ndi ine, neti imodzi. Mvula ikamagwa amagwira nsalu yanga."

"Mphasa ine sindikana, agogo. Nanenso ndinakulira pamphasa. Chimene ndikukana ndi bodza. Mukandinamiza pa zogonera, ndidziwa bwanji kuti simukundinamiza pa chakudya?"

Bodza! Ine amene ndalera ana asanu, awiri ndinaika m'manda ndi manja anga, ndizitchedwa wabodza m'nyumba mwanga chifukwa cholemekeza mlendo?

"Mayi," ndinatero, "tsiku lija mwanayu anali pakhonde ndi jumbo, boma linali kuti? Linapita kukagula magalasi? Mukanabwera tsiku limenelo kudzavundukula nsalu. Onani masaya akewo. Matiresi ndabwereka, inde. Masayawonso ndabwereka?"

Anangoti, "Ndilankhule naye payekha."

Anapita naye pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinakhala pakhonde. Anzanga a malangizo aja anali kuseri kwa mpanda, akusuzumira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatulukira kudzanena kuti nzeru inali yathu. Ndinawakuwira, "Lowani mudzasenze matiresi anuwa!" Onse balalabalala.

Atabwerako, mtsikana wa boma uja anati mwana wanena kuti amadya, amapita kusukulu, samenyedwa, ndipo sakufuna kuchoka. Koma popeza ndinayamba ndi chinyengo, chinyengo ati, sangandivomereze msanga. Akhala akubwera osanena tsiku. Akadzapeza chokhota, mwana adzapita kumalo osungirako ana amasiye.

Mawu omalizawo anawanena mwana ali pomwepo, atagwada, akumva. Zina zonse ndingakhululuke, koma chimenecho ayi. Munthu wophunzira za ana osadziwa kuti mwana ali ndi makutu?

Wabweradi kangapo. Amatsegula thumba la ufa, amayang'ana makope, amasuzumira m'chimbudzi. Ndimamusiya, ayang'ane mpaka atope. Ulendo wathawu anadya chinangwa changa, n'kundiuza kuti zikuyenda bwino, mwina mvula ikamayamba andivomereza. Sindinathokoze. Ndithokoze chiyani?

Mwanayu ali pano, inde. Koma kuyambira tsiku limene lija, akangomva njinga yamoto ikukhotera kuno, ngakhale ya kabaza wamba wochokera ku Limbuli, amataya chilichonse chimene wagwira n'kuthawira m'nthochi. Dzana anaswa ndowa yanga ya madzi. Ndinamupeza atanyonyomala, atatseka pakamwa ndi manja kuti asamveke kupuma.

"Tuluka, mwana wanga, ndi wogulitsa usipa."

"Agogo, mukunena zoona?"

Ndinachita kumuitana wa usipayo kuti abwere ndi dengu lake m'nthochimo. Mwana ataliona m'pamene anatuluka.