Kamwendo Kopindika ka Purosesa

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, mpaka lero anthu amawatchula kuti a Mawotchi, ngakhale papita zaka zambiri chisiyireni kukonza mawotchi. Ntchitoyo anaiyamba ali mnyamata, pa katebulo kagalasi m'khonde la sitolo ya nsapato. Anthu atayamba kuonera nthawi pa foni, anzawo onse anapinda matebulo. Iwo anakagula kompyuta yakufa, n'kumaiphwasula ndi kuibwezeretsa kwa miyezi itatu mpaka inayaka. Akazi awo ankadandaula kuti pabalaza pasanduka dzala. Lero ali ndi kachipinda kawo kuseri kwa malo ometera tsitsi, ndipo lamulo lawo ndi limodzi lokha: sintha chinthu chimodzi, yatsa, uone. Munthu wopupuluma sagwirizana naye.

Ine ndine telala. Ndili ndi makina opeta mabaji a mayunifolomu, ndipo makinawo samvera kompyuta ina iliyonse koma chibokosi chakalekale chomwe chinabwera nawo limodzi. Chimenecho chikafa, ndiye kuti makina nawo asanduka poyikapo nsalu. Tsono Lolemba lina m'mawa, sukulu ziwiri zikudikira mabaji, ndinadina batani. Fani inazungulira, kagetsi kanayaka, koma sikirini bii! Ndinazimitsa, kuyatsanso. Bii! Ndinachisenza chibokosicho, ulendo wa kwa alamu.

"Mwaichita chiyani?" anandifunsa ndisanatule n'komwe.

"Palibe, alamu. Yangodzuka choncho."

Bodza limenelo linatuluka mosalala moti nanenso ndinadabwa.

Anayamba ndi chingwe cha magetsi. Anasintha, kuyatsa, bii. Analumikiza sikirini yawo, bii. Anatsegula m'mbali, n'kuchotsa kabokosi kogawa magetsi m'katimo, kuikamo kawo. Ndinaona kuti sikuludiraiva akuigwira ndi manja awiri, koma ndinangoti ndi kusamala kwawo kuja. Fani inazungulira bwinobwino, sikirini osasintha.

"Bwanji osangosintha zonse kamodzi?" ndinatero, miyendo ikuyabwa.

"Ndiye ikayaka tidziwa bwanji chomwe chimadwala? Khalani pansi, mlamu, mukunditchingira kuwala."

Anazula timakhadi tiwiri ta memori, kutipukuta ndi labala wa pensulo, kubwezera kamodzi kokha. Bii. Kenako anatichotsa tonse, n'kutchera khutu pafupi.

"Tsopano mverani. Kompyuta yamoyo mukailanda memori imalira, kudandaula. Ikalira tisangalale."

Anayatsa. Tinamvetsera mpaka ometa tsitsi kuseriko tinkawamva akukangana za mpira. Chibokosi chija zii.

A Mawotchi anawongoka pang'onopang'ono. "Kwatsala purosesa. Ndiwo mutu wa zonsezi. Ndipo ndisakunamizeni, za mtundu uwu anasiya kalekale kupanga."

Ndinachita mantha enieni. Ndinaona makina anga ataphimbidwa nsalu pakona, ine ndabwerera kupinda mathalauza a anthu.

Anamasula chitsulo chozizitsa chomwe chimakhala pamwamba pa purosesa. Anachitukula. Pansi pake panali pong'anima ngati supuni yatsopano.

"Mlamu," anatero mwaulemu wonse, "ndani anaisambitsa purosesa?"

Wakufa saopa kununkha. Ndinaulula zonse. Loweruka ndinaona ulusi ndi fumbi zitadzaza m'fani, ndipo ine uve sindiupirira. Ndinatsegula, kusesa ndi kaburashi, kukoka chitsulocho. Chinatuluka pamodzi ndi kanthu kamakona anayi katamatirira pansi pake. Ndinakamatula, ndinapeza matope otuwa, ndinapukuta mpaka mbee, kenako ndinakakankhira m'malo mwake.

"Matope!" anakuwa alamu. Anaseka mpaka wometa tsitsi anasuzumira pakhomo, makina ali m'manja. "Amenewo ndi mankhwala otulutsa kutentha! Timachita kupaka dala! Ukhondo wanuwu udzatipha tonse."

Koma kusekako kunatha mwadzidzidzi. Anatola purosesa ija, kuitembenuza, n'kutulutsa m'dirowa kagalasi kawo ka mawotchi, kaja kovala padiso limodzi. Pansi pa purosesa pali timiyendo tagolide tambirimbiri, toonda kuposa tsitsi, toima m'mizere. Anayang'ana mzere ndi mzere. Mwadzidzidzi anamenya phazi pansi.

"Iyi sinafe! Bwerani muone! Kamwendo kamodzi kagona!"

Ndinaika diso pa kagalasi. Zoonadi, pakona panali kamodzi kopindika, katatsamira kanzake. Ndinalumpha ngati kamtsikana.

"Musavine kaye. Kakawongoka, yapulumuka. Kakathyoka, tilire."

Anatenga kopanira kawo kosongoka, kamene anakhala nako chiyambire pa katebulo kagalasi kaja. Anatsamiritsa chigongono patebulo, kupuma mozama, kuyandikiza. Nsonga ya kopanira inkanjenjemera. Anachotsa dzanja, kulipukuta pa thalauza, kuyesanso. Inanjenjemera kuposa poyamba. Anaika kopanira pansi.

"Manjawa ayamba mwano chaka chino," anatero motsitsa mawu. "Akunyumba sakudziwa. Mng'ono wanga sakudziwa."

Ndinamva chisoni chachikulu. Awa ndi manja omwe ankabwezera timano ta wotchi ya pamkono, anthu ataunjikana kuonerera.

Kenako anandiyang'ana pachifuwa, pomwe ndimabaya singano pa bulauzi. "Inu paja mumalowetsa ulusi pa singano mukucheza, eti?"

"Ayi alamu, ine ndaononga kale."

"Ndiye konzani. Maso ndi mutu ndi zanga, manja ndi anu."

Anandiveka kagalasi, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinasolola singano.

"Ilowetseni pansi pake. Osakankha, kanyengerereni. Pang'ono. Imani! Pumani kaye. Pang'ononso."

Kamwendo kaja kanadzuka pang'onopang'ono mpaka kanaima mofanana ndi anzake. Alamu anandiuza kuti ndikweze kachitsulo kotsekera, komwe Loweruka lija sindinakaone n'komwe. Purosesa inangogwera yokha m'malo mwake, popanda kukankha. Anadontheza matope awo otuwa, kadontho kamodzi, ine n'kumanga chitsulo chozizitsa. Memori sanabwezere.

"Dinani ndinu."

Ndinadina. Piii! Piii! Piii!

"Yalira!" tinakuwa tonse awiri. Sindinamvepo kulira kokoma choncho chibadwireni mwana wanga woyamba. Titabwezera memori, zilembo zoyera zinayamba kuyenda pa sikirini, kenako chithunzi cha baji ya sukulu chinatulukira. Ndinaimba nthungululu mpaka munthu wometedwa theka la mutu anabwera kudzaona.

Ndikusenza chibokosi changa, a Mawotchi anati, "Za kusambitsa purosesa sindiuza mng'ono wanga."

"Muuzeni, sindiopa. Koma za manjazo muwauze akazi anu lero, mupite kuchipatala. Mukapanda kutero ndiwauza ndine."

Anayang'ana manja awo. "Ndimaopa kuti andiuza nditseke pano."

"Atseka ndani? Ntchito zing'onozing'ono muzindisungira. Lachinayi ndimaweruka msanga."

Anawauzadi akazi awo tsiku lomwelo. Ndipo Lachinayi nditafika, ndinapeza pambali pa mpando wawo aikapo wina, kagalasi ka mawotchi kali patebulo kutsogolo kwake.