Sanali malungo, achimwene

Achimwene a Saidi, dzulo ku Balaka ndinaona ana asukulu akuchita sewero la zaumoyo, mtima n'kuthamangira kwa inu. Ndinakumbukira sewero lija munalemba pa njala ya 2002, nthawi imene akuluakulu a ndale ankati palibe amene akufa ndi njala. Nakonso kuchipatala kwathu, munthu akapita atatupa miyendo, madokotala ankaopa kutchula mawuwo. Ankangoti malungo. Sewerolo tinalichita Loweruka lina mu February pamsika wa Nsanama, inu dokotala, ine mlongo wanu wodwala. Sindinavutike kukulunga nsanza m'miyendo, inali itatupa kale. Munandiika chubu cha njinga pamimba ngati chopimira, n'kukuwa kuti, “Abale, mimba iyi ikulira njala! Ndilembe chiyani?” Pomwepo tcheyamani weniweni wa chipani anatulukira m'gulu atakwiya: “Iyayi! Muno mulibe njala, sewero lithe!” Inu munamugwadira n'kuti, “Zikomo bwana, timasowa munthu wosewera mbali imeneyo.” Anthu osadya anaseka mpaka kukhala pansi.

February yemweyo asanathe munatisiya, ndipo pamaliro analengeza kuti anali malungo. Achimwene, ndinakudwazikani ndine. Thupi lanu silinatenthe ngakhale tsiku limodzi. Gaga wochepa amene tinkapeza munkapatsa ana anu, inu n'kumwera madzi. Adzukulu anu akula akudziwa za malungozo, ndiye ndalemba pano kuti awerenge okha, wofuna kukwiya akwiye. Munafunsa kuti mulembe chiyani. Ndakulemberani ine: inali njala. Allah akupatseni Jannah.