Kuzula maanka m'khoma la pabalaza

Khoma limene limagawa pabalaza pathu ndi chipinda cha ana si la njerwa. Ndi la mabodi oyera aja okhala ndi choko m'kati ndi pepala kunja, ndipo pakati pa khomalo ndi mphako. Analiimika okha amuna anga. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri yokonza makoteji a m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, ndipo mwini koteji ina atasintha siling'i anawauza kuti atenge mabodi otsala. Anabwera nawo pangolo, ine n'kumaseka kuti ndi khoma lanji loti ukaligogoda likulira ngati ng'oma.

Msomali sugwira m'khoma lotere. Akafuna kupachika chinthu ankagwiritsa ntchito tizitsulo timene ankatitchula kuti maanka. Anka ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kokhala ndi sikuluwu pakati. Ukakalowetsa pabowo n'kumamanga sikuluwuyo, kamatambasula miyendo kuseri kwa bodi n'kugwira zolimba. M'kupita kwa zaka anakhomapo shelefu ya wailesi, galasi, chingwe cha neti ndi mbedza zokolekera mayunifolomu a ana. Ana atakula zinthuzo zinachoka chimodzichimodzi, koma maanka anatsala. Chinyontho cha kunyanja kuno chinawachititsa dzimbiri, ndipo pansi pa anka aliyense panatsika kamzere kofiirira.

Chaka chimene mwana wathu wamkazi womaliza anapeza banja, bambo akewo anali atadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu ankatuluka movutikira, opotoka. Anali munthu wokonda nkhani, koma ataona kuti anthu akumawafunsa kawiri katatu kuti akuti chiyani, anangosiya kulankhula. Ankakhala pampando pabalaza kuyang'ana pakhomo. Ine ndinkalawirira kudoko kukagula usipa, kuuyanika pathandala, kubwera kudzawasambitsa ndi kuwadyetsa.

Chinkhoswe chinali choti chichitikire pakhomo pathu, ndipo sindinafune kuti alendo adzaone khoma la mizeremizere. Ndinagula penti wobiriwira ku boma. Kenako mwera unawomba masiku angapo, mabwato sanalowe m'madzi, ine ndinapeza mpata.

Ndinatulutsa bokosi la zipangizo la amuna anga pansi pa bedi. Ndinamasula sikuluwu ya anka woyamba, ndinagwira kamlomo kake ndi pulayazi, ndinaponda mwamphamvu n'kukoka. Anka anatuluka, koma anatuluka ndi chibenthu cha khoma chachikulu ngati chikhatho changa. Fumbi la choko linandithira kumaso.

"Ayi!"

Ndinachita kudzidzimuka. Panali patapita miyezi ndisanamve mawu awo akukwera chotero. Anali atadzutsa msana pampandopo, dzanja lamanzere likuloza khoma.

"Bambo, nanga nditani? Tizitsulo tanuti tikukana," ndinatero.

Anayesa kuyankha koma mawu anakodwa. Anayesanso. Ndinakoka mpando wawo, iwo ali pomwepo, mpaka pafupi ndi khoma, ndipo ndinagwada kuti khutu langa liyandikire pakamwa pawo.

"Sikuluwu," anatero. "Musachotse yonse."

Zimene anandiuza zinatenga nthawi yaitali kuti zituluke, koma zinali izi. Sikuluwu uimasule mpaka mutu wake utuluke kunja pang'ono, koma nsonga ikhale ikugwirabe m'kati. Ndiye umenye mutuwo ndi hamala. Ukamenya, miyendo ija yatambasuka kuseri imawongoka, ndipo anka amatuluka pabowo lomwe analowera.

Ndinayesa pa anka wachiwiri. Ndinamenya kamodzi, khoma lonse linanjenjemera.

"Simukuwaza nkhuni, mayi," anatero, ndipo mbali ya pakamwa pawo imene inkagwirabe ntchito inakwera m'mwamba. "Pang'onopang'ono."

Ndinagogoda mofatsa kanayi kapena kasanu, sikuluwu inalowa, ndipo nditakoka ndi pulayazi kachitsulo kanasololoka konse, kowongoka, n'kusiya kabowo kozungulira koti n'kutsekedwa ndi chala. Ndinawapatsa m'dzanja. Anakatembenuza kwinaku akukayang'anitsitsa, kenako anakaika m'thumba la shati.

Maanka ena anali atadyedwa kwambiri ndi dzimbiri moti sikuluwu sinkazungulira n'komwe. Amenewo anati ndigwire kamlomo ka kunja ndi pulayazi, ndizikapinda uku ndi uku mpaka kathyoke, kenako ndikankhire chotsalacho m'kati ndi msomali waukulu. Ndinatero, ndipo tinamva kachitsulo kakugwera pansi m'mphako muja.

"Kagwera m'kati. Tikatulutsa bwanji?" ndinafunsa.

"Kasiyeni. Palibe adzakaone."

Titafika pa maanka a m'munsi, amene kale ankagwira mbedza za ana, anatambasula dzanja lamanzere kufuna hamala. Ndinazengereza, koma ndinawapatsa. Ndinagwira sikuluwu ndi zala kuti isagwedezeke. Anayeza kawiri, anamenya, ndipo hamala inaphonya n'kutera pa chala changa chachikulu. Ndinakuwa. Nditacheuka ndinaona hamala ili pamiyendo pawo, nkhope atalozetsa kumbali, misozi ikutsika. Munthu amene anakhoma denga la nyumba ino osadzipweteka ngakhale kamodzi anali atalephera kumenya mutu wa sikuluwu.

Ndinayamwa chalacho kanthawi. Mtima wina unkati ndiwalande hamala ndimalize ndekha, monga ndinkachitira ndi china chilichonse. Koma ndinagwira sikuluwu ija ndi pulayazi m'malo mwa zala.

"Menyaninso, bambo. Pano simundipeza."

Kenako ananyamula hamala. Ulendo woyamba anamenya pulayazi, wachiwiri analasa pamutu penipeni. Maanka atatu a m'munsiwo anawongola ndi iwo, ine ndikungosolola.

Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Kuyambira pamene anatuluka m'chipatala ndinkawachitira zonse, koma sindinawafunsepo kanthu. Sindinawafunse ngati usipa ndiugulitse pano kapena ndiutumize ku Lilongwe. Alendo akawapatsa moni, ndinkayankha ndine iwo asanatsegule pakamwa. Ndinkati ndikuwapepuza. Dzanja ndi lilime ndiye zinadwala, koma zonse zimene ankadziwa zinali momwemo, ndipo m'nyumba yawo yomwe munalibe wozifuna.

Chibowo chimene ndinaboola chija chinatidyera tsiku lina lathunthu. Anandiuza kuti pamwamba pa mitanda ya m'khitchini pali zidutswa za bodi zimene anasunga kalekale. Ndakhala ndikuphika pansi pake zaka zonsezi osadziwa. Tinadula kachidutswa, tinaika kathabwa kuseri, tinamata mabowo onse ndi phala lotchedwa fila, ndipo atauma ndinakwecha ndi sandipepa. Iwo ankadutsitsa chikhatho pakhoma, akapeza potumphuka n'kunena kuti, "Apa." Ndinabwereza malo ena katatu. Ndinadandaula kuti alendo sadzabwera kudzasisita khoma, koma sanandimvere. Atakhutira, ndinapaka penti uja.

Mwana wathu anafika kutatsala masiku awiri kuti chinkhoswe chichitike. Atalowa pabalaza anaima n'kuyang'ana khoma lobiriwira lija.

"Amayi, mwalemba ndani ntchito imeneyi?"

Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Bambo ake anayamba kufotokoza. Anayambira pa chibowo changa, ndipo mawu ena ankawabwereza kangapo asanamveke. Mwanayo anaika chikwama pansi, anakhala pamkeka pafupi ndi mapazi awo, ndipo ine ndinatuluka kukaanula usipa chifukwa kumwamba kunali kutayamba kuda.