Mpando wa Apongozi

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Nsanje kudzakhala nafe ku Chilobwe, mawondo anali atawatha. Adokotala anawaletsa kukhala pamkeka. Pasofa iwo anakana kwamtuwagalu, ati mayi wolongosoka sakhala pofanana msinkhu ndi mkamwini wake. Ndiye ankangobindikira kuchipinda, kudya okha, n'kumawonda ife tikuona. Mkazi wanga ankalira, ndipo ine, kalipentala wa zaka zambiri, zinkandichititsa manyazi.

Pa shedi yanga ndinali nditakhoma tsamba la magazini yakale imene ndinagula ku Limbe. Panali chithunzi cha mpando wa mmisiri wina wa ku Brazil, yemwenso ankajambula mapulani a nyumba. M'munsi analembamo kuti mkuluyu anatopa ndi mipando ya miyendo yowonda yotengera kunja. Anafuna wa mitengo ya kwawo ndi chikopa cha ng'ombe, woti munthu akhalepo mmene anthu akwawo amakhalira. Unali wojintcha, waufupi, khushoni itagona pa malamba. Anzanga ankauseka kuti ndi wa alesi.

Ndinaganiza zowapangira apongozi mpando wotero. Ndinapala mbawa, malamba ndinakadulitsa kwa wosoka nsapato. Moika manja ndinakulitsa kuti azigwirapo podzuka. Koma vuto linatsala: ukafupika kwambiri mawondo sangalole, ukatalika mwambo sungalole. Ndinayeza bedi lawo, poti pamenepo ankadzuka bwinobwino, n'kudula miyendo ya mpandowo chimodzimodzi. Kenako ndinatenga mpando wanga wa pabalaza n'kuukhomera tizipika tinayi kunsi.

Lamulungu titachokera ku tchalitchi, mkazi wanga anawatulutsa. Anayang'ana mpando watsopanowo, anayang'ananso wanga, ine ndili pamwamba ngati dalaivala wa thiraki, mapazi akulendewera.

"Uwu ndi wapansi ndithu?" anafunsa mwana wawo, osati ine.

"Onani nokha, amayi. Akamwini anu ali pamwamba apo."

Anakhala pang'onopang'ono, malamba n'kuwalandira. Anasisita mbawayo ndi chikhatho. Tsiku limenelo anamwa nafe tiyi, n'kumukalipira mkazi wanga kuti shuga wachepa, mawu awo akale aja atabwerera. Ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinalandira satifiketi ya ukalipentala.

Makasitomala a ku Nyambadwe aitanitsa mipando yotereyi kangapo, ndipo anzanga aja anasiya kuseka. Tizipika tija sindinachotse. Apongozi amatuluka m'mawa uliwonse, ndipo ine mpaka lero ndimamwa tiyi mapazi ali m'malere.